Maso a Kandege: Chithunzi Chingafike Bwanji Patali?

Mwa tindege topanda munthu m'kati, totchedwa madroni, muli mtundu wina wodziwika ndi zilembo za FPV. Kutsogolo kwa kandegeko kumakhala kamera, ndipo woyendetsa amavala magalasi oonetsa zimene kamerayo ikuona, ngati kuti iye mwini wakwera. Tsono chithunzi chikaduka kandege kali kutali, munthuyo amasanduka wakhungu pomwepo, ndipo chuma chimene anachivutikira kwa miyezi yambiri chimakathera mumtengo kapena m'dambo.

Ambiri amayesa kuti mankhwala ake n'kuwonjezera mphamvu ya chotumizira zithunzi. Koma mafunde a wailesi amamwazika pamene akuyenda, kotero kuti mtunda uwirikize kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza kanayi. Wosiya chotumizira cha mamiliwati 25 n'kugula cha 100 wangowirikiza mtunda kawiri. Ngakhale cha 400 chimangoufikitsa kanayi. Pamenepo chipangizo chikutentha, batire ikutha msanga, ndipo zithunzi za anzake ouluka pafupi zikusokonezeka. N'chifukwa chake pamipikisano yambiri salola kupyola mamiliwati 25.

Nzeru yeniyeni ili pa eliyo. Munthu akamaitanidwa kuchokera kutsidya la mtsinje, kuika dzanja kukhutu kumathandiza kuposa kuti woitanayo azingokuwa mpaka kusasa mawu. Eliyo ina ili ngati nyali, imene imaunika mbali zonse koma pafupi pokha. Ina ili ngati tochi, imene imaunika kutali koma mbali imodzi. Kandege kamafuna yonga nyali popeza kamatembenuka nthawi zonse. Woyendetsa amaika mitundu yonse iwiri pamagalasi, ndipo cholandirira chimasankha imene ikumva bwino. Eliyo zambiri za FPV zimatumiza mafunde ozungulira, ena chakumanja, ena chakumanzere. Ya pakandege ndi ya pamagalasi ziyenera kukhala za mbali imodzi; zikasiyana, chithunzi chimafooka ngakhale kandege kali pabwalo pomwepo.

Chachiwiri ndi njira imene mafundewo amadutsa. Zithunzi zimenezi kawirikawiri zimayenda pa 5.8 GHz, pamene funde lililonse n'lotalika pafupifupi masentimita 5 okha. Mafunde aafupi otere amatsekerezedwa ndi chulu, chipupa, ngakhale masamba onyowa a mtengo wa mango. Choncho woyendetsa wanzeru amaima pamalo okwera, poonekera, ndipo eliyo ya pakandege amaiika potalikirana ndi batire ndi thupi la kaboni, zimene zimaitchinga. Sayatsanso chotumizira chopanda eliyo, chifukwa chimapsa. Ofuna kupita kutali kwambiri ena amasamukira pa 1.3 GHz, pamene funde limafika masentimita 23 ndipo limapyola bwino m'mitengo, koma eliyo zake n'zazikulu.

Mtundu wa chithunzi nawo uli ndi mbali yake. Chakale, cha analogi, chimayamba kuchita mchenga pang'onopang'ono, motero chimachenjeza munthu kuti abwerere. Cha digito, monga chimene kampani ya DJI inatulutsa mu 2019, n'chowala bwino, koma pamalire a mphamvu yake chikhoza kungoima mwadzidzidzi. Pankhondo ya ku Ukraine, kumene adani amasokoneza mafunde mwadala, kuyambira mu 2024 asilikali anayamba kuulutsa madroni okoka ulusi wagalasi wotalika makilomita 10 kapena kuposerapo, chithunzi n'kumadzera mu ulusiwo.

Kuno ku Malawi boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchito imeneyi adziwe kuti mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Asanataye ndalama pa chotumizira champhamvu, ayambe wayang'ana eliyo yake ndi malo amene waima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.