Digiri ali nayo, zaka 41, koma akuti "luso mulibe": alamu anga anatani?

Lachisanu lina madzulo alamu anga anafika kunyumba kwanga ku Katawa atanyamula envulopu yakhaki. Anaiponya patebulo pomwe ndinkachongera mayeso a Fomu 3, n'kukhala pansi osavula n'jekete lomwe.

"Alamu, zayenda bwanji ku intavyu?" ndinafunsa.

"Zomwe zija. Akuti akufuna munthu amene wagwirapo ntchitoyi zaka zitatu. Nanga zaka zitatuzo ndikazigule kumsika?"

Alamu angawa anagulitsa m'sitolo ya hadiweya kwa zaka 12. Kenako anabwerera kusukulu ali bambo wa ana atatu, ndipo anamaliza maphunziro a ukadaulo wa zamagetsi ali ndi zaka 41. Fizi analipira ndi ngongole, ndipo ngongoleyo sinathe. Ndikukuuzani nkhani yawo chifukwa ambiri mwa inu mumandifunsa kuti, "Sala, fizikisi yomweyi idzatidyetsa?" Ena muli ndi abale amene anachedwa kuphunzira ndipo pano akungokhala ndi mapepala m'sutikesi.

Choyamba timvetsetse maphunziro awowo. Injiniya nthawi zambiri amakhala pa mapulani ndi masamu a chinthu chimene sichinapangidwe. Wa ukadaulo amatenga mapulaniwo n'kuwasandutsa chinthu chogwira ntchito: kulumikiza, kuyeza, kupeza pamene pafa, kukonza. Ndiye bwana akamati akufuna luso, kwenikweni akufunsa kuti, "Pampu ikaima usiku, kodi munthu uyu adzadziwa poyambira?" Satifiketi siyankha funso limeneli. Chimayankha ndi ntchito imene munthu anaigwirapo ndi manja, ngakhale ikhale yaing'ono.

Yaing'ono yoyamba inapezeka ku Chibavi. Mnyamata wina wa babashopu anali ndi sola, koma TV yake inkazima yokha madzulo aliwonse. Anali atasunga kale ndalama yogulira batire latsopano. Alamu anapita ndi mita yoyezera magetsi, ine n'kuwaperekeza.

Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Mababu anayi a 10 W, TV ya 60 W ndi zotchajira mafoni za 20 W, zonse pamodzi ndi 120 W. Batire ndi la 12 V. Mukukumbukira P = VI? Ndiye kuti karenti ndi 120 kugawa ndi 12, yomwe ndi 10 A. Batirelo linali kuseri kwa nyumba, mamita 9 kuchoka pa TV, ndipo amene anaika solayo anagwiritsa ntchito waya wa 1.5 mm². Magetsi amapita n'kubwerera, choncho waya wonse ndi mamita 18, ndipo waya wa kopa wotere umakana magetsi ndi ma ohm pafupifupi 0.2. Lamulo la Ohm likuti V = IR: 10 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 2 V. Mwaona? TV inkalandira ma volt 10 okha, enawo ankathera kutenthetsa waya.

N'chifukwa chiyani waya womwewo suvuta pa mababu a m'nyumba ya ESCOM? Kumeneko magetsi ndi 230 V, ndiye katundu wa 120 W amakoka theka la amp basi. Amene anaika sola uja anatengera chizolowezi cha 230 V n'kuchiika pa 12 V. Alamu anasuntha batire kulibweretsa pafupi, anaika waya wonenepa wa 6 mm², TV inasiya kuzima. Batire linali labwinobwino.

Usiku womwewo ndinawapatsa kope latsopano. Tinagwirizana kuti ntchito iliyonse azilemba: tsiku, vuto, zimene ayeza, masamu ake, chimene akonza, ndi chithunzi pafoni. Kenako tinakhala pansi n'kulemba makomo amene munthu ngati iwo angagogode kuno kumpoto.

Khomo loyamba ndi la mabungwe akuluakulu. ESCOM imagawa magetsi, EGENCO imawapanga kuyambira 2017, ndipo ili ndi siteshoni ya Wovwe ku Karonga. Northern Region Water Board imapopa madzi a damu la Lunyangwa amene timamwa muno mu Mzuzu, ndipo mapampu ndi mamota ake safuna kugona. Ku Chikangawa kuli fakitale ya matabwa ya Raiply. Zipatala nazo zili ndi majenereta ndi makina ofuna owasamalira. Apa chovuta kwa munthu wamkulu n'kuvomera kulowa ngati tekinishani, mwina pansi pa bwana wa zaka 28. Alamu anayamba akana. Patapita sabata anati, "Bola ndilowe."

Khomo lachiwiri ndi sola. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi amaunikira ndi magetsi. Otsalawo ndiwo akugula mapanelo m'misika, ndipo ambiri amawaikira ndi anthu ongoyerekeza ngati uja wa ku Chibavi. Kulinso minda ikuluikulu ya sola: wa 60 MW ku Salima unayamba mu 2021, wa 20 MW ku Golomoti mu 2022. Yunivesite ya Mzuzu yomweyi, ku Luwinga, imaphunzitsa za mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi. Koma chenjezo: kuti uziika magetsi m'nyumba za anthu movomerezeka pamafunika chilolezo cha MERA. Digiri payokha si chilolezo.

Khomo lachitatu ndi kuphunzitsa. Kuli Mzuzu Technical College, kulinso makoleji a luso a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, onse pansi pa dongosolo la TEVETA. M'kalasi, imvi sizichotsa mamakisi.

Khomo lachinayi ndi limene alamu sankaliona n'komwe. Pa CV yawo zaka 12 za m'hadiweya anazibisa mu mzere umodzi pansi penipeni, ngati chinthu chochititsa manyazi. Komatu munthu ameneyu amadziwa waya wabodza pongowugwira, amadziwa mitengo, amatha kuwerengera sitoko ndi kuziziritsa kasitomala wokwiya. Makampani ogulitsa mapampu, mainiveta ndi mapanelo amasowa munthu wodziwa masamu a magetsi amenenso amatha kugulitsa. Mnyamata wongotuluka kumene ku koleji alibe zimenezo. Tinazikweza pamwamba.

Sindikunamizani kuti zonse zatheka. Pamene ndikulemba pano, alamu sanapezebe ntchito yolembedwa, ndipo ngongole ija akubweza pang'onopang'ono ndi ndalama za maganyu a sola ndi mamota a zigayo. Chasintha n'chakuti pa intavyu yapitayi atawafunsa za luso, anatulutsa kope lija, lili ndi ntchito 17. Mmodzi mwa ofunsa anatsegula tsamba la babashopu, nayamba kuwafunsa za waya wa 6 mm². Anawaitananso kachiwiri. Tikudikira.

Inu muli ndi mwayi umene iwo analibe: mutha kuyamba kope lanu muli Fomu 2. Tochi yafa kunyumba? Musaitaye, itseguleni, pezani pamene dera laduka, lembani. Kwanu kuli sola? Werengani ma watt olembedwa pa babu lililonse, muwerengere karenti ngati tachitira pamwambapa. Koma za 230 V musakhudze ayi, zimenezo zimapha. Zanu ndi za mabatire.

Homuweki nayi. Babashopu ija imayatsa zinthu zake maola 5 patsiku, ndipo batire la mtovu silifunika kulikhetsa kupitirira theka. Kodi mnyamata uja amafunika batire la ma amp-hour angati? Bweretsani yankho Lolemba, ndi masamu ake omwe.