Bokosi la batire lisatchinge kabureta

Anyamata a kabaza otuta matemba ku Swang'oma, m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa, amalimbana ndi fumbi komanso petulo wa m'mabotolo, amene nthawi zina amakhala ndi zitsotso. Zonsezi zimatseka kabureta. Pa njinga zamoto zina, bokosi la batire limatchinga pofikira dzanja munthu akafuna kutsuka kaburetayo.

Ine malangizo anga ndi awa: bokosilo musaliwotcherere, limangeni ndi mabawuti awiri kuti lizichoka msanga. Pomasula batire, yambani ndi waya wa negativu, chifukwa mukayamba ndi wa pozitivu, sipanala ikagunda chitsulo moto umathetheka pafupi ndi petulo. Batire likhale chilili kuti asidi asatayike, ndipo pansi pake yalani chidutswa cha chubu chakale. Koma fulemu musadule ayi, ndi imene imasenza madengu a nsomba aja.