Thovu la vinyo ndi botolo la thobwa

Mayi aliyense wogulitsa thobwa pa Phwezi kapena pa Mhuju, m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi, amadziwa kuti botolo lotsekedwa bwino likagona masiku angapo limatupa. Ukalitsekula mopupuluma, thobwalo limatuluka lokha n'kukunyowetsa malaya. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa kale chinsinsi cha vinyo wa thovu, uja amaphulitsa pa maukwati.

Chimera chimasandutsa phala kukhala lotsekemera. Kenaka yisiti amadya shugayo n'kutulutsa mowa pang'ono ndi mpweya. Mumtsuko wosavundikira mpweyawo umathawa, koma m'botolo umasowa potulukira ndipo umalowerera m'chakumwacho kudikira wotsekula.

Opanga vinyo wa thovu amachita zomwezi mwadala. Poyamba amafinya mphesa n'kusiya madziwo m'matanki kuti awire okha mpaka asanduke vinyo wamba. Akatero amamuthira m'mabotolo okhuthala, kuwonjezeramo shuga ndi yisiti, n'kutseka kolimba kuti awirenso kachiwiri. Thovu limabadwira momwemo.

Apa m'pamene thobwa ndi vinyo zimasiyana njira. Thobwa likagona kwambiri limasasa, pomwe vinyoyu amakoma chifukwa chogonera pa masese ake. Ku Champagne, m'dziko la France, lamulo limati asagulitsidwe miyezi 15 isanakwane. Kumeneko, pansi pa mizinda ya Reims ndi Épernay pali mapanga ataliatali okumbidwa m'mwala wa choko, ozizira chaka chonse, momwe mabotolo mamiliyoni amagona mumdima. Bungwe la UNESCO lidaika mapangawa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2015.

Thobwa timalimwa ndi masese omwe, koma vinyoyu amayenera kuyera mbee. Mabotolo amawaika chozondoka ndi kumawatembenuza pang'onopang'ono mpaka masese onse atasonkhana pakhosi. Khosilo amaliziziritsa kuti liundane, ndipo akatsekula, mpweya uja umakankha masesewo kunja. Ndiye amatsekanso n'kumanga ndi waya.

Luso limeneli lidafikanso ku Africa kuno. Mu 1971 Frans Malan wa pa famu ya Simonsig ku Stellenbosch, South Africa, adapanga vinyo woyamba wa mtunduwu m'dzikomo, wotchedwa Kaapse Vonkel. Chaka chomwecho iye ndi alimi anzake awiri adatsegula Stellenbosch Wine Route, njira yoti alendo azidutsa famu ndi famu. Kuyambira 1992 vinyo wotere kumeneko amamutcha Cap Classique. M'mafamu ndi m'malo odyera a ku Stellenbosch ndi Franschhoek muli Amalawi ambiri amene adapita kukasaka maganyu, ndipo amaona okha alendo akubwera m'magulumagulu.

Kodi alendowo amalipira chiyani, poti vinyoyo akadamugula m'sitolo? Amalipira kuyenda m'mizere ya mphesa, kutsikira kumalo kozizira kosungirako mabotolo, kumva mlimi akufotokoza ndi pakamwa pake, ndiyeno kulawa. Munthu akaona kumene chinthu chachokera amachilemekeza, ndipo sadandaula ndi mtengo wake.

Ku Henga kulibe mafamu a mphesa, koma m'mapiri a Phoka, kumtunda kwa chigwachi, alimi amalima khofi amene amagulitsidwa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofiyo nayenso ali ndi ulendo wake woonetsa: kuthyola zofiira zokhazokha, kusenda pamakina, kuvundika, kutsuka ndi kuyanika pathandala. Alendo opita ku Livingstonia ndi ku Nyika amadutsa m'boma la Rumphi lomweli chaka ndi chaka.

Alimi a ku Phoka ndi atsogoleri a makopaletivi, tsegulani minda yanu kwa alendowa. Alowe m'munda, aone ntchito, amwe khofi pomwe wamera, ndipo ndalamayo itsale pakhomo panu.