Ng'oma ziwiri za ku Chintheche

Ku Liverpool kuli gule wa usiku wotchedwa Chibuku Shake Shake. Anayamba m'chaka cha 2000, ndipo mmodzi mwa anyamata amene anamuyambitsa ndi Will Jameson, yemwe anakhalako kuno ku Malawi mu 1998 n'kubwerera kwawo atanyamula chipaketi cha Chibuku ngati chikumbutso. Kwa zaka zoposa 20 achinyamata a ku England akhala akuvina nyimbo za house pansi pa dzina limeneli, ambiri a iwo osalawako n'komwe masese. Mu 2004 Jameson anabwera naye guleyo kwa eni dzina. Anamanga masipika pa mchenga wa Chintheche Inn, makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa boma la Nkhata Bay, n'kuitana oimba a kuno ndi ma DJ a kwawo, wamkulu wawo Andy Cato wa gulu la Groove Armada. Panasonkhana anthu pafupifupi 700. Umu ndi mmene chinabadwira chikondwerero cha Lake of Stars.

Koma alendowo sanapeze bwalo lopanda mwini. Gombe limeneli, kuchokera ku Tukombo kudutsa Kande ndi Bandawe mpaka ku Usisya, ndi kwawo kwa malipenga. Magule awiriwa ndaonererapo onse, ndipo ndimaona kuti ndi pachibale kuposa mmene owakonda amavomerezera.

Chibale chawo chimayambira pa ng'oma yaikulu. Nyimbo ya house ili ndi msana umodzi: kugunda kolemera kosasintha, kanayi kanayi, maulendo 120 mpaka 130 pa mphindi, kumene kale kunkachokera m'makina monga Roland TR-909 ndipo lero kumachokera mu kompyuta. Zina zonse, kaya mawu a woimba, kaya kiyibodi, zimabwera n'kupita, koma kugundako sikuchoka. Malipenga nawonso amaima pa ng'oma yaikulu ya mbali ziwiri yomenyedwa ndi kamtengo, yaing'ono ikusinja pambali. Pamwamba pake pamalira zikho zouma zoboola, zomatidwa kansalu koyera ka kangaude, zimene mwamuna amaimbiramo mawu ake kuti atuluke ngati lipenga la asilikali. Munthu amene ali patali, mwina m'bwato kapena kuseri kwa munda wa chinangwa, zikhozo sazimva, monganso samva kiyibodi ya DJ. Chimamufika ndi kugunda kokha, ndipo nthawi zina amayamba waima kuti azindikire ngati kukuchokera ku bwalo kapena ku loji.

Chibale chachiwiri ndi chimene chimandiseketsa. Akuluakulu akamakamba amati malipenga ndi chikhalidwe chathu, house ndi zachizungu. Mbiri imati zinthu zinasemphana. House inabadwira ku Chicago kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pakati pa anthu akuda ndi ena amene ankasalidwa m'malo achisangalalo, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Frankie Knuckles, DJ wa pa kalabu ya Warehouse. Azungu a ku England anachita kuilandira pambuyo pake. Malipenga ndiye anatengera mzungu weniweni. Anakula itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene anali asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga anabwerera kumudzi ataona perete ndi bandi ya asilikali. Abale ake ndi beni wa ku Mangochi, mganda wa m'chigawo chapakati ndi kalela wa ku migodi ya ku Zambia, ndipo Terence Ranger analemba za banja lonseli m'buku lake la mu 1975. Kabudula woyera, sokosi zofika m'maondo, tayi, ndodo ya bwana, maudindo a kapitawo, dokotala ndi nesi: palibe chimodzi mwa izi chimene makolo a Atonga anachidziwa amishoni asanafike ku Bandawe mu 1881. Ngati tikufuna gule amene anavala zovala za mzungu, si wa ku Chicago ayi.

Kusiyana kwawo kumayamba kuoneka pa nthawi. Usiku wa house umachedwa kupsa. Madzulo pamakhala oimba a magitala, anthu atakhala pa mchenga, ena akudya, ena akusambabe m'nyanja. DJ weniweni amakwera pakati pa usiku. Luso lake n'lakuti nyimbo isathe: ina ikamapita kumapeto, iye wayamba kale kulowetsa inzake pa liwiro lomwelo, moti phazi la wovina silidziwa pamene zasinthira. Kenaka amachita kamchitidwe kamene kamapengetsa anthu. Amachotsa ng'oma yaikulu ija, n'kusiya timawu topyapyala tikukwera, tikukwerabe, chinamtindi chonse manja m'mwamba chikudikira, ndiye n'kuibweza mwadzidzidzi. Mfuu umene umatuluka pamenepo ngakhale asodzi a usipa amene ayatsa nyali zawo kutali pa nyanja amaumva. Zimapitirira chomwecho mpaka kum'mawa kutafiira cha ku Likoma. Palibe sitepe yoti uphunzire, palibe wokudzudzula. Mzungu wovina ngati akupondaponda dothi loumbira njerwa ndi mtsikana wa ku Mzuzu wodziwa kuthyola dansi amakhala phewa ndi phewa, aliyense ali m'dziko lakelake.

Malipenga ndi a masana, m'chilimwe anthu atakolola, ndipo ntchito yake yaikulu imachitika tsikulo lisanafike. Gulu lililonse limatchedwa boma, lili ndi atsogoleri, malamulo, thumba la ndalama ndi masiku okonzekera. Boma lina limaitana linzake. Oitanawo amakonza malo ogona, kondowole ndi nsomba zokwanira alendo onse, podziwa kuti chaka china iwonso adzapita kukadya kumeneko. Zovala zimachapidwa n'kusitidwa ndi simbi ya makala mpaka mzere wa kabudula utaima. Munthu wobwera ndi malaya a litsiro salowa mu mzere.

Ndipo kavinidwe kake n'kodekha modabwitsa. Amuna amalowa m'bwalo m'mizere, mapewa ali m'mwamba, nkhope yosaseka, phazi likunyamuka pang'onopang'ono ngati mwini wake alibe kopita. Wenzulo ikalira onse amatembenuka pamodzi. Amene akutsogola amazunguza ndodo, kuwerama pang'ono, kuyang'ana owonerera ndi diso la bwanamkubwa amene wabwera kudzayendera anthu ake. M'menemo muli kunyada, mulinso chipongwe chobisika, chifukwa anthu amene ankalamulidwa ndi mzungu anaphunzira kayendedwe kake mpaka kumuposa. Amayi amaimba nthungululu, ena kulowa kukapukuta thukuta la wovina bwino kapena kumufupa. Kunja kwa bwalo kuli oweruza mazanamazana osasankhidwa ndi wina aliyense, ndipo sabata yonse yotsatira mudzi umakhala ukutsutsana kuti boma liti linaposa.

Apa ndiye pali kusiyana kumene ndimakuona kukhala kwakukulu. House inachotsa mpanda pakati pa wovina ndi wowonerera, koma inamanga mpanda kunja. Malipenga ali ndi mpanda m'kati, pakuti si aliyense angalowe mu mzere, koma kunja kulibe geti. Mwana, nkhalamba, mlendo wodutsa ndi njinga pa msewu wa M5, onse amaima n'kuonerera osalipira kanthu. Ku chikondwerero kumafunika tikiti ndi kachingwe ka pamkono, ndipo mtengo wa masiku atatu si woti msodzi wamba angautulutse osaganiza kawiri. Anthu ambiri a m'midzi yozungulira Chintheche Inn anachimva chikondwererochi ali kunja kwa mpanda, akugulitsa nsomba zootcha, ziboliboli ndi mowa. Ufulu umene uli pa mchenga pakati pa usiku ndi weniweni, sindikuutsutsa, koma ndi ufulu wa amene alowa.

Sindikufuna kuchepetsa zimene Lake of Stars inachita. Inabweretsa alendo amene sakanalidziwa dziko lino, malo ogona kuchokera ku Nkhata Bay mpaka ku Kande n'kudzaza, amatola ndi amayi ophika n'kupezapo kangachepe. M'zaka zotsatira anthu ankapitirira 3,000. Inaika Lucius Banda ndi Black Missionaries m'mapulogalamu ake pamodzi ndi Oliver Mtukudzi, Freshlyground, Mafikizolo, Sauti Sol ndi Foals, ndipo oimba achinyamata a kuno anaona ndi maso mmene zida zabwino zimamvekera. Inatsegulanso njira: zikondwerero za pa mchenga zimene tazizolowera lero, monga Sand Music Festival, zinabwera pambuyo pake. Boma la malipenga silinadzazepo loji ndi alendo a ku London, ndipo ovina ake ambiri amathera ndalama zawo pa sokosi ndi nsapato osabwezapo kanthu.

Koma taonani mayendedwe ake. Chikondwererochi chinakhala pa Chintheche kuyambira 2004 mpaka 2007. Mu 2008 chinasamukira ku Senga Bay, kenaka ku Nkopola ku Mangochi. Mu 2012 chinapuma, mu 2013 chinachitikira mu mzinda wa Lilongwe, n'kubwereranso ku Mangochi. Chinadzaonekeranso pa Chintheche Inn mu 2016, mu 2018 chinali ku Salima, mu 2019 ku Kachere Kastle m'boma lomweli la Nkhata Bay, kenaka chinazimirira zaka za Covid-19 mpaka kudzatulukira ku Nkhotakota mu 2024. Palibe cholakwa pamenepa. Chinthu chodalira jenereta, malole a zida, matikiti a ndege ndi makampani othandiza chiyenera kupita kumene masamu akutheka, ndipo Chintheche ili kutali ndi Lilongwe ndi Blantyre kumene kuli ogula matikiti. Ku Liverpool gule uja anakhalitsa chifukwa ovina ake amakhala mu mzinda momwemo, chaka chilichonse kukubwera ophunzira atsopano. Ku Chintheche ovina ankachita kubwera nawo pa basi. Malipenga sangasamuke chotero, chifukwa zida zake zimamera m'munda ndipo ovina ake ndi eni mudzi.

Komabe kunena kuti house inalephera kumera pa gombeli kungakhale kunama. Inamera, kungoti inalowera khomo lina. Atonga ndi anthu a ulendo kuyambira kale. Sukulu za mishoni zinawapatsa Chingerezi msanga, ndipo anapita ku migodi ndi m'maofesi a ku Rhodesia ndi ku Joni ena asanayambe. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe anakafika poyambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Njira imeneyi sinatsekeke. Mpaka lero n'zovuta kupeza banja ku Chintheche kapena ku Kande lopanda mwana ku South Africa. Ndipo South Africa ndi dziko limene linaitenga house n'kuisandutsa yake: kwaito m'zaka za m'ma 1990, kenaka house ya anthu ngati Black Coffee amene analandira Grammy mu 2022, ndiye amapiano amene anachepetsa liwiro n'kuwonjezera kugunda kwakuya kuja. Nyimbo zimenezi sizinadikire chikondwerero. Zinabwera m'mafoni ndi m'mamemori khadi, pamodzi ndi masipika omangidwa pamwamba pa katundu wa ku Joni. Lero zimalira m'mabala a pa Chintheche ndi pa Mpamba, pa zinkhoswe ndi pa maukwati, ngakhale ku Usisya kumene msewu wake ndi woopsa ndipo ambiri amadalira sitima ya Ilala, sola ndi batire zimakwanira kuti achinyamata avine mpaka usiku.

Imeneyi ndi njira yomwe ija anadzera malipenga: mwana wa pamudzi kupita kutali, kukaona chinthu, kubwera nacho m'chikwama, anzake n'kuchikonza kuti chiwayenere. Chimene amapiano a pa bala alibe ndi boma. Palibe amene amasonkha ndalama, palibe kuitanirana mudzi ndi mudzi, palibe mkulu wophunzitsa mnyamata sitepe imene iye anaphunzira kwa amalume ake. Nyimbo ya chaka chino chaka chamawa yaiwalika, ndipo mwini sipika akasamuka gule watha. Mabomanso a malipenga ali ndi nkhawa yawo, chifukwa ulendo wa ku Joni womwewo umawalanda anyamata, moti m'mizere yambiri imvi zachuluka. Kuyambira nthawi ya Kamuzu azoloweranso kuitanidwa kukavinira andale ndi alendo, kumene amapatsidwa mphindi zochepa pakati pa zolankhula, zinthu zosiyana kutali ndi tsiku lathunthu la boma ndi boma.

Nthawi yabwino yoonera magule onsewa pamodzi si ya chikondwerero, koma kumapeto kwa Disembala, a ku Joni atabwera kudzadya Khirisimasi. Masana atsikana ndi amayi amavina chilimika, mlongo wake wa malipenga, atavala zofanana, timipango tili m'manja, m'mizere ya mabomanso awo, polandira chaka chatsopano. Dzuwa likalowa, ambiri mwa atsikana omwewo amakasintha zovala n'kupita kumene kwamangidwa sipika yatsopano. Ndikafunsidwa kumene ndingapite nditapatsidwa tsiku limodzi lokha, ndimasankha bwalo la masana, pa chifukwa chosavuta: amapiano omwewo ndikawapeza ku Bwandilo ku Lilongwe kapena ku Kamba ku Blantyre Loweruka lililonse, ndipo masipika a kumeneko ndi abwinopo.