"Ife" wa Soldier: chomwe chidasintha m'mawu a nyimbo za Lucius Banda

Lucius Banda atamwalira pa 30 June 2024 ku South Africa, ine ndidali kwathu ku Midzemba pa tchuthi. Sabata yonse ija pa grosale ankangoika nyimbo zake, m'mawa mpaka usiku. Amalume, omwe adakula ndi makaseti ake, adamvetsera kwa kanthawi kenako n'kunditembenukira. "Iwe wa sukulu, tandiuza. Soldier wa makaseti uja adapita kuti? Uyu wakumapetoyu mawu adamuthera." Ndidati, "Amalume, maliro sanaikidwe n'komwe, mwayamba kale?" Adangoseka. Funso lawo lija ndidabwerera nalo kusukulu, ndipo ndikufuna ndiliyankhe pano monga wophunzira chiyankhulo, chifukwa za magitala ndi ng'oma si mbali yanga.

Dandaulo lotere n'lofala kwa oimba okhalitsa. Okonda nyimbo za rock adanenanso zomwezi za Bob Dylan m'zaka za m'ma 1980, kuti luso lopeka mawu lamuthawa, mpaka adawatseka pakamwa ndi chimbale cha Time Out of Mind mu 1997. Zifukwa zomwe anthu amapereka n'zodziwika: munthu wakula, walemera, wakhuta. Kwa Lucius ine ndikuona kuti nkhani ili pa kamawu kamodzi, mlowam'malo "ife", pamodzi ndi mgwirizanitsi wake ti-.

Chichewa chili ndi "ife" mmodzi yekha. Ziyankhulo zina, monga Tok Pisin cha ku Papua New Guinea, zili ndi mawu awiri osiyana, ena otanthauza "ine ndi iwe" ndipo ena otanthauza "ine ndi anzanga, iwe mulibemo". Kwathu kuno ndikanena kuti "tavutika", womvera amasankha yekha ngati ali m'gulumo kapena ayi, ndipo amasankha poyang'ana munthu amene akuyankhulayo. Mayi wogulitsa manachesi pa Zalewa akati "tavutika", aliyense wa m'minibasi amagwedeza mutu. Mawu omwewo akatuluka pawindo la galimoto ya boma, anthu amafunsa chamumtima kuti, "inu ndi ndani?" Galamala ndi yomweyo, kalembedwe n'komweko, koma tanthauzo lasuntha.

Chimbale choyamba cha Lucius, Son of a Poor Man, chidatuluka m'nyengo ya kusintha kwa ndale, pomwe dziko lidachita referendamu mu June 1993 ndi chisankho cha zipani zambiri mu May 1994. Woimbayo adali mnyamata wa ku Balaka wokulira mu Alleluya Band, pansi pa mkulu wake Paul Banda. Dzina la chimbale lokhalo lidali kale chikalata chomuloleza kunena "ife". Akaimba za mabala a ulamuliro wa chipani chimodzi m'nyimbo ya Mabala, womvera sankafunika kukopedwa kuti alowe m'gulumo, ankapezeka alimo kale.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi "iwo", ndipo apa m'pomwe Chichewa chimamuthandiza kwambiri wopeka nyimbo. Mgwirizanitsi a- amaimira anthu ambiri, amaimiranso munthu mmodzi wolemekezeka. Ndikati "adya okha" (chitsanzochi n'changa, si cha m'nyimbo), mwina ndikunena gulu la anthu, mwina ndikunena bwana mmodzi yemwe tonse tikumudziwa. Wondigwira pakhosi ndimuuza kuti ndimanena anthu wamba. Onjezanipo msintho wochitika wa mneni: "chuma chawonongeka" sichitchula wowononga, pomwe "chuma chawonongedwa" chikuitana funso loti "ndi yani?" Zida izi, pamodzi ndi zining'a ndi miyambi, n'zomwe anthu adazinola m'zaka 30 za Kamuzu, pomwe kulankhula mosabisa kunkapititsa munthu ku Mikuyu. Jack Mapanje adaphiphiritsa ndithu mu Of Chameleons and Gods ya 1981, komabe adamangidwa mu 1987. Lucius adatengera chiyankhulo chonoledwa kale chotero n'kuchigwiritsa ntchito nthawi yomwe zitseko zidangotseguka kumene, ndiye chinkaluma kawiri: kuphiphiritsa kudalipo, kulimba mtima kudaliponso. N'chifukwa chake Reuben Chirambo adamulembera nkhani yonse m'buku la A Democracy of Chameleons, lomwe adakonza Harri Englund mu 2002.

Kenako mu 2004 Soldier adakhala phungu wa Balaka North pa tikiti ya UDF. Kuyambira pamenepo "ife" wake adayamba kufunsidwa mafunso. Ife amphawi? Ife a chipani? Ife a ku Nyumba ya Malamulo? Nayenso "iwo" adachepa, chifukwa ena mwa iwo tsopano adali anzake okhala nawo benchi imodzi. Wopeka nyimbo akafika potere njira zimamutsalira zochepa. Atha kutchula mdani mosabisa, nyimboyo n'kusanduka ya kampeni, yomwe imatha ntchito mavoti akawerengedwa. Apo ayi atha kuthawira ku "inu" wa malangizo, wouza achinyamata kuti limbikirani, pempherani, kondanani, ndipo "inu" ameneyu amamuimika woimba pagome, womvera ali pansi. Ndikamvetsera zimbale zakumapeto monga Time ndi Thank You, khutu langa limamva kwambiri kulangiza, kuthokoza ndi kukumbukira ulendo wake. Si nyimbo zoipa, zina ndimazikonda zedi, koma sizindipatsa ntchito yomasulira. Zonse zanenedwa kale, ine changa n'kuvomera basi.

Chomwe chimanditsimikizira kuti vuto silidali ukalamba ndi zomwe zidachitika pakati. Mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, Lucius adataya mpando wake n'kukakhala miyezi ingapo kundende ya Zomba pa mlandu wokhudza satifiketi ya MSCE. Pa nkhani ya kundendeyo padatuluka chimbale cha Cell 51 Maximum, ndipo zaka zotsatira nyimbo zake zidaletsedwa pa MBC. Amalume omwe aja, ndikawafunsa za nyimbo za nyengo imeneyi, amati, "Eya, pamenepo ndiye adabwerera." Munthu yemweyo, wokulirapo kusiyana ndi 2004, koma atabwezedwa panja pa mpanda, "ife" wake adayambanso kulowa anthu. Mu 2014 adabwereranso ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mu 2020 adasankhidwa kukhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Mlangizi wa Pulezidenti angaimbe bwanji "adya okha" popanda wina kumufunsa kuti nanga inu mudali kuti pomwe ankagawana?

Pali china chomwe sindingachibise, choti mlandu wina ndi wa ife omvera. Ine ndidabadwa makaseti akutha, Mabala ndidaimva koyamba pa memori khadi, nkhani zake zitakhala kale za m'buku la mbiri. Amalume adaimva ali mnyamata, mantha a Payoniya asanawachoke m'thupi. Akamati mawu adatha, mbali ina akulira khutu lawo la nthawi ija, lomwe linkatha kumva dzina la munthu m'kati mwa a- wopanda dzina. Masiku ano munthu amatukwana nduna pa Facebook n'kutchula dzina lake lonse, ndiye chining'a chimamveka ngati kuzengereza.

Nditabwereranso ku Midzemba ndidawafotokozera amalume zonsezi, za ti- ndi a- ndi msintho wochitika. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adati, "Ndiye zaka zonsezi kusukuluko ukuphunzira zoti munthu akakhuta saimba za njala?" Ndidayesa kuwauza kuti kuimba atha kuimba ndithu, nkhani ndi yoti ndani amukhulupirire. Adati ndiwatumizire Cell 51 Maximum pa foni, ya pa khadi lawo idafufutika.