CIKWANGWANI CA PHUNGU: MAU OYAMBA KWA WOSWEKA MTIMA

Aliyense amene anatsikapo basi pa Kafue, pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Mazabuka, anaonapo timapepala tomatidwa pa mitengo ya magetsi. Timalonjeza zazikulu: kubweza mwamuna wothawa m'masiku atatu, kucotsa minyama, kupezetsa nchito. Masiku ano malonjezo omwewo alowa m'mafoni mwathu, pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo amene amawawerenga pakati pa usiku ndi munthu uja tulo tamuthawa cifukwa ca nkhawa.

Nanga pakati pa phokoso lotere, phungu weniweni, amene anaphunzira nchito yothandiza anthu obvutika maganizo, angadziwike bwanji? Funsoli linatigwera ife tomwe pamene mai wina wa m'parishi mwathu, atatsiriza maphunziro a uphungu, anatipempha kuti tiwathandize kulemba mau odzidziwitsa pa intaneti. Iwo anali atayesa kale. Analemba mizere khumi ya Cingerezi cozama, yodzaza ndi maina a maphunziro ao, koma miyezi iwiri inatha foni ili zii.

Wowerengayo ndani?

Tinayamba ndi kudzifunsa za munthu amene adzawerenge. Kafue ndi tauni imene inakula ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza, ndi Kafue Textiles, yopanga nsalu, zinadyetsa mabanja ambirimbiri a ku Kafue Estates ndi ku Shikoswe. Cuma citasintha m'zaka za m'ma 1990 nchito zinacepa, ndipo abambo ambiri anakalamba akudikira ndalama zao zopumira. Zilonda zotere sizioneka pakhungu. Zimaonekera m'mowa, m'ndeu za m'nyumba, ndi mwa mnyamata amene anatsiriza sukulu koma amangodzitsekera m'cipinda.

Munthu wotereyu ali ndi mantha enanso. Kwa ife a m'Zambia, dzina la Chainama, cipatala ca ku Lusaka ca odwala maganizo, linasanduka mau otonzerana. Ngakhale lamulo lakale la 1949 linali kuchula odwalawa ndi maina onyoza, kufikira pamene lamulo latsopano la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwake mu 2019. Lamulo linasintha, koma manyazi sathera tsiku limodzi. Conco wowerenga asanafunse kuti phunguyo anaphunzira kuti, mumtima amayamba wafunsa kuti: kodi ameneyu adzandiyesa wamisala? Kodi nkhani yanga idzamveka pamsika?

Yambani ndi ululu wace

Tinalangiza maiwo kuti dzina la sukulu litsike pansi, ndipo pamwamba pakhale cimene cikumuwawa munthu, m'mau amene iye mwini amalankhula. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda, amene anayambitsa nchito ya Friendship Bench ku Harare, anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera obvutika atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki. Agogowo sagwiritsa nchito maina a m'mabuku a madokotala. Amati kufungisisa, mau a Cishona otanthauza kuganiza mopitirira muyeso, ndipo anthu amadzizindikira m'mau amenewo. Nafenso tili ndi mau athu: mtima kulemera, kusowa tulo, kusafuna kuona anthu, maliro amene akukana kucoka m'nyumba.

Mau oyamba angakhale otere: “Kodi mumagona koma mutu osagona? Kodi imfa, kutha kwa nchito kapena mkangano wa m'banja zakulemerani? Bwerani tikambirane. Ndimalankhula Cinyanja, Citonga ndi Cingerezi. Zimene mudzanena zidzatsala m'cipinda momwemo.”

Pambuyo pace pabwere zoona zosabisa: dzina lonse, cithunzi ca nkhope yace yeniyeni, kumene anaphunzira, bungwe limene linamulemba m'kaundula, malo okumanirana, utali wa nthawi yokambirana, ndi mtengo wace. Ambiri amacita manyazi kulemba mtengo, koma mai wogulitsa nsomba za mu mtsinje wa Kafue sangaimbe foni asanadziwe ngati ndalama yace ikwanira. Phungu alembenso zimene sacita. Ngati sali dokotala, anene poyera kuti sapereka mankhwala, ndi kuti wodwala kwambiri adzamutumiza kucipatala. Pomaliza aikepo manambala aulere a Lifeline/Childline Zambia, 933 ya akulu ndi 116 ya ana, kuti munthu amene akuganiza zodzipha asadikire kuti kuce.

Zoyenera kupewa

Ciyeso cacikulu ndico kupikisana ndi timapepala tija. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Phungu woona salonjeza kuti banja lidzabwerera kapena kuti cisoni cidzatha pa Lacisanu. Amalonjeza khutu lomvetsera, cinsinsi, ndi njira zimene anaphunzira.

Ciyeso cina ndico kuika umboni wa anthu amene anathandizidwa. Ogulitsa zobvala amatero ndipo palibe colakwa, koma uphungu si malonda a salaula. Kafue ndi tauni yaing'ono. Mukalemba za mai wamasiye wa ana anai wa ku Zambia Compound, ngakhale osachula dzina, oyandikana naye amudziwa tsiku lomwelo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu, koma ngakhale likanapanda lamulolo, wotaya cinsinsi ca mnzace wataya nchito yace yonse.

Kwa inu makolo

Inu amene mukufunira thandizo mwana kapena mnzanu wa m'banja, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Funsani kumene munthuyo anaphunzira ndipo muone mapepala ace. Wodzicha dokotala ayenera kukhala m'kaundula wa Health Professions Council of Zambia. Cenjerani ndi wofuna ndalama zambiri pafoni musanaonane, ndiponso ndi wokuuzani kuti musiye mankhwala a kucipatala.

Musaganize kuti kupita kwa phungu ndi kucepa kwa cikhulupiriro. Bungwe la Kara Counselling, limene linatsogolera nchito ya uphungu m'dziko muno pa nthawi imene Edzi inali kupulula mabanja, linayambitsidwa mu 1989 ndi Bambo Michael Kelly, wansembe wa gulu la Ayezuiti. Wansembe, ankhoswe ndi phungu salimbirana munthu. Mutu umodzi susenza denga.

Maiwo analembanso mau ao, ndipo anafupika ndi theka. Patapita sabata, foni inalira madzulo ndithu. Anali bambo wa mau otsika, amene sanafunse za maphunziro kapena za mtengo. Anangofuna kudziwa ngati ndi zoonadi kuti zokambidwazo zidzatsala m'cipinda momwemo. Atamva yankho anakhala cete kanthawi, kenaka anafunsa tsiku loti abwere.