Chitsulo cha M'dimba la Ambuya: Gawo Lachitatu

M'gawo lapitalo: Madzi a namondwe Freddy a mu Malichi 2023 adakumba khwawa m'dimba la ambuya kwa Ndamera, n'kufukula chitsulo chachilendo pamalo omwe banja lathu likulimbirana ndi la tsidya lija. Atsibweni apangana kale mtengo ndi wogula zitsulo zakale, ndipo anyakwawa aitanitsa mlandu wa malire Loweruka.

Lachisanu m'mawa anthu adaunjikana pakhwawapo, aliyense ndi zake. Ena ankati ndi bomba la nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, moti amayi ankakoka ana awo kuti asayandikire. Ena ankati n'chidutswa cha sitima, poti njanji yopita ku Marka siili kutali. Atsibweni ankangoti n'chigayo chakufa, chofunika sikelo basi.

Ine ndidalawirira pa njinga kukatenga madala ena omwe adakalambira pa ntchito ya thonje ku Bangula. Titafika sadalonjere nthawi yaitali. Adatsetserekera m'khwawa, ndodo patsogolo, n'kuchizungulira chitsulocho akuchisisita.

"Mwanawe, palafini alipo? Ubwere ndi chisanza ndi phale."

Adapala dzimbiri pambali pa chimwendo chake mpaka zilembo zidayamba kutumphuka. Ndidawerenga mokweza: Platt Brothers, Oldham.

"Basi, ndachidziwa," adatero akupukuta manja. "Amayi inu, asiyeni ana ayandikire, sichiphulika ichi. Awa ndi makina ochotsera njere m'thonje. Oldham ndi tauni ya ku England, kufupi ndi Manchester, komwe thonje lathu linkapita kukawombedwa nsalu."

"Thonje, madala?" adafunsa atsibweni. "M'matope ano a mbatata?"

"Thonje ndithu. Taonani kuno." Adaloza chitsulo chobulungira ngati munsi, chogona chopingasa pakati pa makinawo. "Ichi chinkakutidwa ndi chikopa chokhakhala. Chikamazungulira, chikopacho chinkakola ulusi wa thonje n'kumaukoka. Apa pali mpeni wosasuntha, wotsamira chikopacho. Ulusi umadutsa pansi pake koma njere sizidutsa. Mpeni wachiwiri ndi uwu, umene unkakwera ndi kutsika, kumenya njere mpaka zithothoke n'kugwera pansi. Thonje loyera linkatulukira kumbuyoku."

Anthu adayamba kusuzumira, wina n'kupisa chala pakati pa mipeniyo.

"Inu mukuona Nsanje ya mapira ndi chakudya cha thandizo," adapitiriza madalawo. "Kale boma la Nsanje linkatchedwa Port Herald, ndipo chigwa chino ndicho chinkatsogola pa thonje m'Nyasaland. Bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe lidayamba ku Manchester mu 1902, lidali ndi makina ake akuluakulu ku Port Herald. Mabelo ankatsika pa sitima, ndipo kuyambira 1935 ankawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana kupita ku Beira. Makolo anu ankabzala thonje m'madimba madzi akaphwera, msonkho n'kulipira, nsalu n'kugula. Koma zaka za m'ma 1930 zikupita kumapeto, Shire adadzaza osaphweranso, n'kumiza minda yachonde. Thonje la m'dimba lidathera pomwepo."

Nthawi yonseyi ambuya adali chete pamthunzi, atatambalala. Tidangomva akhosomola.

"Mdzukulu wanga, ndigwire dzanja."

Ndidawatsitsa pang'onopang'ono. Atachikhudza chitsulocho, milomo yawo idanjenjemera.

"Ndidali kamtsikana kopirikitsa mbalame m'mapira. Bambo anga ndiwo adali kapitawo woyang'anira makinawa, ndipo shedi yake idali m'munda mwathu. Madzi atabwera tidathawira kumtunda, cha ku Lulwe. Chitsulochi sichikadakwera bwato, ndiye bambo adachimanga ndi unyolo ku msangu wa pamalire kuti chisapite ndi madzi. Titabwerera tidapeza mchenga wokhawokha."

"Bwanji simudanene kale, mayi?" adafunsa atsibweni, mawu atakwera.

"Ndikanena ndani akadakhulupirira nkhalamba? Kumbani chakum'mawa uko."

Tidatenga makasu ine ndi mphwanga. Thukuta lisanatsike n'komwe, khasu langa lidalira pachitsulo. Udali unyolo, wonenepa ngati chala chachikulu, wolowera pansi pa dothi lomwe a tsidya lija adabzalapo mbatata chaka chatha. Mkulu wa banja lawo, yemwe adaima patali manja kumbuyo, adatembenuka n'kumapita osatsanzika.

"Lekerani pomwepo," adatero madala aja. "Kotsalako mukumbe mawa, anyakwawa akuona ndi maso awo. Unyolowu ukakafika pa chitsa cha msangu, malire adziwika okha. Koma mvetsetsani: chitsulochi chikasuntha pano, umboni wanu wasuntha nacho. Wa sikelo adzakupatsani ndalama ya masiku awiri, munda n'kupita mpaka kalekale."

Atsibweni adayang'ana pansi. Pambuyo pake adandikokera pambali n'kunong'ona kuti chikole adalandira kale, ndipo adagulira chimanga chomwe tinkadya pakhomopo. Ndidasowa chowayankha, chifukwa nsima imeneyo nanenso ndidadya.

Usiku ndidayala mphasa pakhonde poyang'ana njira ya kudimba, ndi mtima woti sindigona. Udzudzu udandithandiza mpaka pakati pa usiku, kenako tulo tidandiba.

Adandidzutsa ndi agalu. Kudali mdima wa ndiweyani, koma cha kukhwawa kunkamveka magudumu a ngolo, ng'ombe zikupuma mwamphamvu, ndi sowo ikudya chitsulo. Ndidathamangira kunyumba ya atsibweni kuti ndikawone ngati ndi iwo. Ndidawapeza ali m'tulo, akuliza mkonono.

Ndidatola tochi ndi chikwanje n'kuyamba kukwawa m'bango. Nditayandikira ndidaona anthu atatu m'khwawa, awiri atagwira zingwe, wachitatu atagwada paunyolo. Ndisanayatse tochi, dzanja lozizira lidandigwira pamkono kuchokera kumbuyo.

"Usayatse, mdzukulu wanga," adanong'ona ambuya. "Amene akudulayo ukamuona nkhope, sudzadyanso naye mbale imodzi."

Isathe, tionane m'gawo lachinayi.